Dzino Limene Malume Anawonjezera

Asanafe ziwalo, bambo anga anali makaniko, ndipo ine mwana wawo wamkazi ndinakulira m'galaja mwawo. Ntchito yawo yomaliza inali pa galimoto yawo yakale. Anachotsa kabuleta kuti mafuta aziperekedwa ndi kompyuta. Koma kompyuta imafuna kudziwa pamene injini yafika pozungulira, choncho kutsogolo kwa injini amamangako kagudumu kachitsulo kokhala ndi mano, ndipo sensa imawerenga manowo akamadutsa. Bambo anakasema okha ndi tupa kwa miyezi iwiri. Anayeza malo a mano 36, koma dzino limodzi analisiya dala, chifukwa mpata umenewo ndi umene umauza kompyuta poyambira kuwerenga.

Adokotala atatiuza kuti masiku awo atsala ochepa, bambo ankangoloza kugalaja ndi dzanja limene linkagwirabe ntchito. Ankafuna kumva injiniyo ikulira.

Chimene chinatsala n'chakuti bowo la pakati pa kagudumuko linali laling'ono ndi mamilimita awiri. Ndinakapereka kwa malume, amene amawotcherera zitsulo kuseri kwa msika.

"Mungokulitsa bowoli, malume. Kwinako musakhudze."

"Iwe, ndinayamba ntchitoyi amayi ako akadali namwali. Pita, ubwere mawa."

Mawa lake anabweretsa okha atakakulunga m'nyuzipepala. Ndi phuma langalo, ndinangoyeza bowo n'kukamanga. Mano sindinawerenge.

Amayi ndi malume ananyamula bambo pampando n'kuwakhazika pakhomo la galaja. Ndinapotokola kiyi. Injini inazungulira, koma osalira. Ndinayesanso mpaka batire inayamba kufooka.

Bambo anandikodola, n'kuloza kagudumu kaja. Nditakamasula ndinakaika pamwendo pawo. Anayendetsa chala pa mano, limodzilimodzi, kufunafuna mpata wawo. Chala chinazungulira kamodzi, kawiri, katatu.

"Alamu, musavutike," anatero malume akumwetulira. "Dzino linathyoka lija ndabwezeretsa. Olo muyang'ane bwanji, simungaone pamene ndalumikiza."

Ndipo zinali zoona. Ntchito inali yaukhondo kwambiri moti ndinatha nthawi ndisanalipeze dzinolo.

Bambo anatulutsa kaphokoso kamene sindikudziwa ngati kanali kuseka kapena kulira. Amayi anawapukuta kukamwa ndi nsalu.

"Achimwene," anatero amayi motsitsa mawu, "mwanayu anakupemphani chiyani?"

Malume anatenga kagudumuko pamwendo pa bambo n'kuyamba kuwerenga mano.

Madzulo omwewo ndinalipala dzinolo ndi tupa ya bambo, malume atagwira chitsulocho. Chimene tonse sitinaone n'chakuti moto wowotcherera unapinda kagudumuko pang'ono. Pakati pa mano ndi sensa pamafunika mpata wosakwana milimita imodzi. Injini itangozungulira, dzino linamenya sensa n'kuiswa pakati.

Wogulitsa zipangizo anati sensa ina ifika pakatha masiku asanu ndi anayi. Bambo anatisiya tsiku lachinayi.

Sensa itafika, malume anakaitenga okha. Anawongola kagudumuko tsiku lonse osadya kanthu, ine ndikuyeza. Nditapotokola kiyi, injini inalira nthawi yomweyo, bwinobwino, ngati kuti sinavutepo. Amayi anatseka chitseko cha kukhitchini. Malume anakhala pansi pa simenti yamafutayo n'kubisa nkhope m'chipewa.

"Zimitsa, mwanawe," anatero. "Chonde zimitsa."