Chikalata Chimene a Bulashi Anachikongoletsa

Makina osokera a mayi telala anali atakhala chete masiku atatu, ndipo amuna awo, a Bulashi, mtima unayamba kuwathawa. Pa zaka makumi atatu za ukwati wawo, makinawo ankangopuma pakagwa maliro basi. A Bulashi anali wolemba zikwangwani. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale, koma dzanja lawo aliyense ankalidziwa, poti theka la mashopu a m'tauniyo linali ndi zilembo zawo pakhomo. Ankagwira ntchito pakhonde, akazi awo m'chipinda cha kumaso, ndipo kulira kwa makinawo n'kumene kunkawauza kuti pakhomo pali mtendere.

Chimene chinazimitsa makinawo ndi wailesi. Inalengeza kuti atsogoleri a mayiko awiri akuluakulu akuopsezana ndi mabomba a nyukiliya. Tsono mwana wawo mmodzi yekhayo, namwino, ankagwira ntchito mumzinda wa limodzi mwa mayiko amenewo, ndipo anali ndi khanda limene agogo akewa anali atangoliona pa foni.

"Mayi, musadzidwalitse," anatero a Bulashi akutsuka maburashi. "Zimenezo ndi za akuluakulu. Ife n'kutani, kuwalembera chikwangwani choti 'Osaphulitsa bomba pano'?"

Nthabwalayo inagwera pamwala. Mayi anangowayang'ana, n'kubwezera maso pa chithunzi cha mdzukulu.

Tsiku lachinayi kunabwera aneba awo, mayi wogwira ntchito pachipatala, amene aliyense ankangowatchula kuti a Zaumoyo. Anadzatenga yunifolomu yawo, koma anaipeza ikadali nsalu. Atamva chimene chavuta sanawanamize.

"Mantha anuwa ndi oona, achemwali," anatero. "Bomba limodzi lokha likhoza kupsereza mzinda wonse m'kanthawi kochepa. Opulumuka moto amatsala ndi poizoni wosaoneka ndi maso, amene amadwalitsa khansa ngakhale patapita zaka. Ndipo palibe chipatala chingathandize, chifukwa madokotala ndi anamwino omwe amakhala ali m'gulu la ovulala."

"Komabe n'kutali," anatero a Bulashi, pofuna kuziziritsa nkhani.

"Kutali kuti, aneba? Akaphulitsa ambiri, utsi wake ukhoza kuphimba dzuwa mpaka mbewu kukanika ngakhale kuno. Njala siifunsa kuti bomba linagwera kwa yani. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Mayi telala anafunsa motsitsa mawu ngati pali chimene munthu wamba angachite. A Zaumoyo anati chilipo. Pali pangano la mayiko loletsa zida zimenezi. Mayiko ambiri analisaina, ena akuzengereza, ndipo boma lawo linali m'gulu la ozengerezawo. Nzika zikhoza kulemba chikalata chopempha khonsolo ya tauni kuti ikankhe aphungu ndi boma asaine. Lamulo la khonsolo yawo linali loti pempho likasainidwa ndi anthu mazana atatu, makhansala ayenera kulikambirana. Msonkhano unali pafupi, ndipo zikalata zinkatsekedwa Lachisanu la sabata yachitatu, 12 koloko masana. Pempho likaphonya pamenepo, lidikire chaka chamawa.

Madzulo omwewo mayi anaimbira mwana wawo foni. "Iwe samala mwanayo," anatero. "Ine kuno ndichita mbali yanga. Ndalonjeza."

Anayendadi mayi uja ndi mapepala osainitsa anthu! Kumsika, kugalaja, kudepoti ya mabasi, kumasaluni, mpaka zidendene zinang'ambika. Ena ankaseka, ena ankafunsa ngati kusainako kuli ndi kangachepe, koma akawaonetsa chithunzi cha khanda lija n'kuwafotokozera za utsi wophimba dzuwa, ambiri ankapempha cholembera. Osadziwa kulemba ankadinda chala. Pofika Lachitatu la sabata yomaliza anali ndi mayina 412.

Apa m'pamene a Bulashi anawaonetsetsa mapepalawo, ndipo anagwira pakamwa. Lina linali ndi girizi wa a makaniko, lina madzi a tomato, lina linkanunkha nsomba, lina linanyowa ndi mvula n'kuuma mokwinyika. Zilembo zake ngati nkhuku yapalasa. Munthu amene ankafufuta chikwangwani chonse chifukwa cha chilembo chimodzi chopendekeka, zoterezi zinamulasa mtima. Zikapite pamaso pa makhansala zimenezi, zochokera pakhomo pa Bulashi? Ayi ndithu.

Mayi atapita kukayeza makasitomala awo, bambo anatenga mapepala oyera, rula ndi cholembera chawo chapamtima. Anakopera mayina onse m'mizere yowongoka, ndipo pa malo osainira anasainira aliyense mokongola, ndi kamchira kopiringizika kumapeto. Odinda chala anawapatsanso masiginecha, ati nawonso aoneke ophunzira. Mapepala akuda aja anawayala pansi pa zitini za penti, ena n'kupukutira maburashi. Sanachite mwankhanza, tinene zoona. Ankaganiza kuti akuwapatsa akazi awo mphatso.

Lachinayi m'mawa anavala jekete, n'kuika mapepala oyerawo mu envulopu, n'kunena kuti akaipereka okha kukhonsolo. Mayi anasangalala kuti bambo ayamba kuikapo mtima.

A kalaliki a khonsolo anatsegula envulopu, n'kuvundukula tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Kenako anavula magalasi.

"Bambo, anthu 412 onsewa anaphunzira kulemba kwa mphunzitsi mmodzi?"

"Ndangokonza kuti zioneke bwino, bwana."

"Dzanja ili ndikulidziwa. Ndi lomwe linalemba chikwangwani chili pakhomo pathupo. Ichi si chikalata cha anthu 412, ndi cha munthu mmodzi. Ndipo kusainira munthu wina ndi mlandu, mukudziwa? Bweretsani mapepala enieniwo."

A Bulashi anathamanga ngati mnyamata, jekete lili m'manja. Atanyamula zitini zija anapeza mayina amira mu penti wabuluu. Otsala owerengeka sanakwane ngakhale makumi asanu. Anaima pakhondepo manyazi atawagwira. Masabata atatu a akazi awo, ndi lonjezo lawo kwa mwana, anazipukutira maburashi.

Kuwauza mayi kunali kowawa kuposa zonse. Sanakalipe. Anatola pepala limodzi labuluu, n'kuloza pamene panali chala cha munthu.

"Apa anadinda ndi agogo ogulitsa masache aja. Anandiuza kuti chibadwire palibe anawapemphapo maganizo awo pa nkhani ya dziko. Inu mwaona litsiro, abambo. Ine ndimaona anthu."

"Pepani, mayi."

"Pepani sapoletsa chilonda. Mwana ndikamuuza chiyani?"

A Zaumoyo atamva, anawatenga onse awiri kubwerera kukhonsolo. A kalaliki, ataona nkhope ya mayiyo, anafewa. Anati lamulo sangalisinthe, koma mawa aika tebulo pakhonde la ofesi, ndipo aliyense wobwera yekha adzasaina iwo akuona, mpaka 12 koloko.

"Anthu asiye malonda awo kudzasaina kachiwiri?" anadandaula mayi. "Adzati tikuwaseweretsa."

"Akauzidwa zoona abwera," anatero a Zaumoyo. "Koma wokawauza akhale amene analakwa."

A Bulashi anavomera. Masana omwewo anatenga bolodi lalikulu limene ankasungira kasitomala wolemera, n'kulembapo ndi zilembo zofiira: INE BULASHI NDINAWONONGA MAYINA ANU CHIFUKWA CHA MATAMA. CHONDE BWERANI KUKHONSOLO MAWA M'MAWA MUDZASAINE NOKHA. TIKANE MABOMBA A NYUKILIYA. Analimangirira panjinga, penti asanaume n'komwe, n'kuyamba kuikankha kulowera kumsika.

Anthu anawaseka, osati pang'ono. Amayi a tomato anaimba nthungululu. Makondakitala ankawerenga bolodilo mokweza ngati akuitanira basi. A makaniko anatuluka kunsi kwa galimoto akupukuta manja.

"Ndiye kuti girizi wanga munamunyoza, achimwene?"

"Ndinalakwa, achimwene. Mawa mubwere naye yense."

Wogulitsa nyama wina, amene poyamba anakana kusaina, anafunsa chimene chachititsa munthu wonyada chotere kudzichotsa ulemu pamsika. A Bulashi, amene masabata atatu apitawo ankati zimenezi n'za akuluakulu, anapezeka akufotokoza okha za mzinda wopsa, za zipatala zopanda anamwino, za mdzukulu wawo amene sanamunyamulepo. Mawu anawathera pakati, misozi ili m'maso, ndipo oseka aja analeka kuseka. Munthu wa nyamayo anangoti, "Mwati nthawi yanji?"

Lachisanu a Bulashi ndi akazi awo anafika kukhonsolo 7 koloko. Panalibe munthu. Hafu pasiti seveni kunabwera agogo a masache okha, n'kudinda chala chawo mwaulemu wonse. Pofika 9 koloko mayina anali makumi anayi, ndipo a Bulashi ankalephera kuwayang'ana mayi kumaso. Kenako kunamveka phokoso kumsewu. Amayi a kumsika anali atasiyirana mabenchi kuti azibwera m'magulu, ndipo gulu loyamba linkabwera likuimba. Pambuyo pawo a kugalaja ndi maovolosi awo, atsikana a kusaluni ndi makasitomala omangidwa tsitsi mbali imodzi, ndi minibasi imene inakhota n'kutsitsa anthu onse pageti, kondakitala akukuwa kuti, "Kusaina kaye, ulendo pambuyo!"

Mzere unazungulira ofesi mpaka kumpanda. A kalaliki anatumiza mapepala ena kawiri. A makaniko atasaina anadinda dala chala cha girizi pambali pa dzina lawo, n'kuwayang'ana a Bulashi.

"Kukongola kwake!" anatero a Bulashi, ndipo anthu anafa nacho chiseko.

Belu la 12 koloko litalira, a kalaliki anawerenga, n'kubwerezanso, kenako anaimirira. "Mayina 638. Pempho lalandiridwa."

Chisangalalo chake chinaimitsa ntchito m'maofesi onse. Mayi telala anakhala pansi pa sitepe n'kulira ngati mwana, ndipo a Bulashi anaima pambali pawo atagwira chipewa, osadziwa poika manja. Mayi anawakoka jekete kuti akhale nawo pansi. "Nanunso mwasaina, abambo?" anafunsa. Anali ataiwala! A kalaliki anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana kumbali, ndipo a Bulashi analemba dzina lawo pamzere wotsiriza, limodzi lokha, mothamanga. Pa moyo wawo wonse sanalembepo zokhota chotero.

Sabata yotsatira makhansala anakambirana pempholo holo itadzaza. Mayi telala anapatsidwa mphindi zitatu, ndipo anazigwiritsa ntchito bwino. Khansala wina anati nkhani za mabomba si za khonsolo ya misika ndi ngalande. Mayi anamuyankha kuti dzuwa likaphimbika, msika umene akuusamalawo udzagulitsa chiyani? Makhansala anakweza manja povota, ndipo khonsolo inavomereza kulembera aphungu ndi boma kuti dziko lisaine pangano lija. Mwezi usanathe, anthu a matauni ena awiri anabwera kudzafunsa mmene anachitira. A Bulashi ankawalangiza chinthu chimodzi: "Mapepala akada, asiyeni ade."

Mabomba aja sanathe tsiku la msonkhanowo, ndipo mayi ankadziwa. Koma ataimbira mwana wawo, anamuuza ndi mawu amphamvu kuti lonjezo lakwaniritsidwa, ndipo namwinoyo anati iyenso ayambitsa chikalata chotere pakati pa anzake a kuchipatala. Foni itadulidwa, a Bulashi ali pakhonde anamva makina aja akulira m'chipinda cha kumaso. Anaika burashi pansi n'kumvetsera kwa kanthawi. Yunifolomu ya a Zaumoyo inatha tsiku lomwelo.

Phunziro lake nali. Zida za nyukiliya ndi zoopsa kwa munthu aliyense, wapafupi ndi wakutali yemwe, ndipo njira yokhayo yodzitetezera ndiyo kuzithetsa. Musanene kuti ndinu wamng'ono. Funsani, phunzirani, lembani kwa khansala ndi phungu wanu, ndipo pemphani boma ligwirizane ndi mayiko ena poletsa zida zimenezi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma chala chilichonse chidinde chokha. Mawu a mnzanu musamulankhulire, ngakhale dzanja lanu likhale lokongola chotani.