Juzi ya Lakhbir

Atolankhani a kanema atabwera m'mudzi mwathu kuno ku Punjab, anajambula anyamata akudzibaya chitta, mankhwala ozunguza bongo aja, kuseri kwa mpope wakumunda. Analonjeza kubisa nkhope.

Zomwe anajambulazo anazionetsa pakanema patatha sabata chimkuzamawu chakukachisi chitalengeza kuti Lakhbir, mnyamata wa m'mudzi mwathu, wamwalira ndi mtima. Kwathu kuno mnyamata aliyense amamwalira ndi mtima.

Tinakaonera kwa aneba athu a Tarsem, mayi ake a Lakhbir ali pomwepo. Nkhope anabisadi. Koma mnyamata wachitatu anavala juzi yobiriwira, mkono umodzi waufupi.

"Amenewa ndi akwina awa, Bibi," anatero a Tarsem powauza mayiwo.

Mayiwo sanachotse maso pakanema.

"Ulusi unandithera," anatero. "Ndimati ndidzamalizitsa kuluka kukayamba kuzizira."