Chitini Chopanda Dzina

Kuno kwathu tiyi wa zitsamba sasungira munthu chinsinsi. Dzina la pabokosi ndi lomwe limaulula matenda ako. Hustentee ndi wa chifuwa, Schlaftee ndi wa osowa tulo. Wa achimwene anga a Ortwin ndi Blasen- und Nierentee, kutanthauza tiyi wa chikhodzodzo ndi impso. Khofi adokotala anawaletsa kalekale.

Pa zaka 72, mkuluyu chikondi chinamugwira ngati chimfine. Anakonda a Gerlinde, mayi wamasiye wa kukwaya kwawo. Tsoka lake, mayiwa anadwazika amuna awo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo analumbira kwaya yonse ikumva kuti sadzasamalanso mwamuna wodwala.

Lamlungu lomwe anaitanira a Gerlinde kudzadya keke, ndinapeza achimwene akukhuthulira tiyi uja m'chitini chopanda dzina. Bokosi analipinda bwinobwino n'kuliponya m'bini ya mapepala. Ngakhale pobisa umboni, zinyalala sasakaniza munthu ameneyu.

"Achimwene, bodza lilibe mwendo," ndinawachenjeza.

"Iwe Hiltrud, yako ndi kudula keke basi."

A Gerlinde anafika 3 koloko yeniyeni. Achimwene anawathirira tiyi, n'kuyamba kusimba za mapiri omwe ati amakwera chilimwe chilichonse. Anthu oti masitepe a kutchalitchi amapumira pakati! Ali pa kapu yachiwiri, tiyi anayamba ntchito yake.

"Ndikaone mu uvuni," anatero achimwene, n'kutuluka mwakachetechete.

Anakaona mu uvuni kachiwiri, kenaka kachitatu. Atabwerako kachinayi, a Gerlinde anaika foloko pansi.

"A Ortwin, keke si iyi ili patebuloyi? Nanga uvuni wanuwo ndi wogejemula?"

Ine keke inanditsamwa. A Gerlinde ananunkhiza kapu yawo.

"Blasen- und Nierentee. Fungo ili ndagona nalo m'nyumba zaka zisanu ndi zinayi. Olo mutamuthira m'botolo la vinyo, ndimudziwa."

Achimwene anakhala pansi, nkhope itagwa. Ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa chimwalirire alamu anga ndinali ndisanawaonepo atavala tayi.

"Chikhoti chanu chili pachitsekopo," anatero motsitsa mawu. "Sindikukakamizani."

A Gerlinde anatsegula chikwama chawo, anafufuza pansi penipeni, n'kutulutsa kabokosi kokutidwa ndi mpango. Anakaimika pafupi ndi chitini chija. Magen- und Darmtee, wa m'mimba ndi matumbo.

"Miyezi itatu ndikukabisa aka, kuopa kuti bambo wokwera mapiri andithawa. Ndinalumbira kuti sindidzasamala wodwala, inde. Koma ndinanenapo kuti ineyo sindifuna wondisamala?"

Achimwene ananyamula kabokosiko n'kuwerenga dzina lake kawiri.

"Hiltrud, tatereka madzi ena," anatero a Gerlinde akudzuka. "Ndipo inu a Ortwin, tandilozerani uvuniwo. Ine zinandithina pa ulendo wanu woyamba uja."