Masamba Pamsewu wa ku Muloza

Anthu ankati ntchito ya Pemphero ndi yopepuka. M'mawa kandege kopanda woyendetsa kankajambula msewu wa ku Muloza, masana msewu wonsewo n'kuonekera pakompyuta yake ku ofesi, dzenje lililonse pamalo pake. Pofunika kukonza, kompyutayo inkaikapo chizindikiro chofiira.

Lachiwiri lija chizindikirocho chinagwera pa Limbuli. Kompyuta inati pamsewu pali zinyalala.

Pemphero anakulitsa chithunzicho. Sizinali zinyalala ayi. Anali masamba aawisi oyalidwa mopingasa msewu, ena kumtunda, ena kumunsi, monga amachitira pakagwa maliro kuti odutsa atsike panjinga. Anayang'ana nyumba ya pakati pake. Denga ladzimbiri lija analidziwa, ndi mpapaya wopendekeka uja. Lamulungu lomweli amayi ake anamuuza kuti chifuwa chayamba kupepuka, asavutike n'kubwera.

Foni yake inali m'chikwama, chithimitsireni m'mawa chifukwa cha msonkhano. Anaitulutsa, koma sanaiyatse.

Pakompyuta funso linali likudikirabe: zichotsedwe?

Pemphero anayankha chapansipansi, ngati kompyutayo ikumva.

"Usawakhudze. Ndi a amayi anga."