Likhweru la pa Chimbale Chachiwiri

M'nyumba ya a Rowland ku Rotherham, kutsidya kwa nyanja kutali ndi Malawi, zimbale sizinkaikidwa chiikeike. Zinali ndi mzere wake pa shelefu ya pabalaza, kuyambira kumanzere kumene kunali zakalekale mpaka kumanja kumene kunali za dzana. Mwana wawo wamkazi Lughano ankadziwa kuti ukhoza kuswa kapu, ukhoza kupsereza ndiwo, adadi angoseka. Koma ukabweza chimbale pamalo polakwika, ndiye kuti wasokoneza mbiri.

Zambiri mwa zimbalezo a Rowland anazigula ali mnyamata, akuphunzira ku Sheffield. Anapita nazo ku Zomba, n'kudzabweranso nazo mkazi wawo Stella atapeza ntchito yaunesi kuno. Masuti ena anatsala ku Malawi kuti zimbale zikwane m'sutikesi.

Lughano atangolemba mayeso ake omaliza a sekondale, bambo akewo anati nthawi yakwana. Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi ankatsitsa chimbale chimodzi, n'kuchipukuta ndi kansalu, n'kuchiika pa galamafoni.

"Poyamba kunali punk," anatero a Rowland tsiku loyamba, "phokoso la ana okwiya. Mkwiyo utatha, magitala anatsala m'magalaja ndi m'zipinda za ana asukulu. Makampani akuluakulu sankawafuna anyamatawo, mawailesi akuluakulu sankawaimba. Ndiye anthu anangoti alternative rock, kanjira ka kuseri kwa msika. Kanjirako katayamba kudzaza anthu, a makampani aja anabwera kudzathirapo phula n'kuikapo geti."

Lughano anakopeka msanga. Ankagona chagada pa kapeti n'kumaona mizinda imene sanafikeko, mvula ya ku Manchester, zipinda zapansi za ku Seattle, ndi mnyamata wina wa tsitsi losapesa amene tsiku lina adzamukonda mwakachetechete kenako mwaphokoso, ngati nyimbozo. Vuto lake linali limodzi: sankadziwa kudikira.

"Tiike china, adadi."

"Nyimbo si tchipisi, mayi. Chimodzi pa sabata. Ugone nacho."

Chilimwe chili pafupi kutha anafika pakati pa shelefu. A Rowland anatsitsa chikuto chobiriwira chopinda ngati buku, mkati muli zimbale ziwiri. Oimba ake anali anyamata anayi a konkuno ku Rotherham, dzina lawo Canklow Weather. Anatulutsa chimenechi chokha, anasindikiza zochepa, kenako anakangana gulu n'kutha. Pa intaneti panalibe ngakhale fungo lawo.

Anamvera choyamba mpaka kumapeto. Singano itadzuka, a Rowland anagwira chachiwiricho m'mphepete ndi nsonga za zala, n'kumwetulira ngati munthu wobisa nyama kukhosi.

"Mbali yomaliza ya ichi anajambulira mu holo ina ku Sheffield. Ine ndinali momwemo, ndi jekete yobwereka. Nyimbo yomaliza ikamatha, gitala imazilala pang'onopang'ono, holo yonse zii. Ine mtima unadzaza, ndinaiwala kuti ndili kwa eni. Ndinaika zala m'kamwa n'kuimba likhweru lija tinkaitanira ng'ombe ku Karonga. Linalowa m'chimbale. Bambo ako ali m'mbiri ya rock, iwe ukuwaona ngati wamba."

"Ikani pompano!"

"Lamlungu likubwerali."

"Adadi, chonde. Mbali imodzi yokha."

Anachibweza m'chikuto.

Lachinayi a Rowland anagwa kuntchito. Madokotala anati mtsempha wa m'mutu unaphulika. Lamlungu lija linafika n'kupeza pabalaza pali azimayi a chigwirizano atakhala pansi, akuimba nyimbo za maliro.

Mchemwali wawo wamkulu wa malemu, a Asimenye, anabwera kuchokera ku Hull ndi chikwama chachikulu, n'kutenga nyumba yonse m'manja. Chinthu choyamba chimene anachita chinali kuvundikira galamafoni ndi chitenje.

"M'nyumba ya maliro simulira gitala," anatero, "mpaka katundu wa achimwene atagawidwa."

Maliro anaikidwa, anthu anabalalika, chitenje chili pomwepo. Masana ena Lughano anayandikira shelefu n'kugwira chikuto chobiriwira chija. Mayi ake anamugwira dzanja.

"Usandichititse manyazi, Lughano. Abale a bambo ako akuyang'ana ine, osati iwe."

Ndiye mtsikana amene sanadikirepo kanthu chibadwire anadikira. Anadziuza kuti n'bwinonso choncho. Adzachimvera Lamlungu masana, chitseko chili chotseka, monga adadi anafunira. Mawu awo anali nawo m'foni, mauthenga omukumbutsa kugula mkaka. Koma mnyamata wa jekete yobwereka uja, amene mtima unamudzaza mpaka kuiwala kuti ali kwa eni, sanamumvepo. Ameneyo anali m'chimbale chachiwiri, akumudikira.

Tsiku logawa katundu linali Loweruka. Abale anadzaza pabalaza, ena ochokera ku Hull, ena ku Bolton. Anayala nsalu pansi n'kuunjikapo masuti, nsapato, wotchi ndi majuzi. A Asimenye anakhala pampando wa malemu n'kukumbutsa anthu lamulo: katundu wa malemu sasankha, sakana, ndipo sasinthana. Chimene wapatsidwa, walandira m'bale wako.

Zovala zitatha anatembenukira ku shelefu.

"Tsitsani mbale zakudazo," anatero a Asimenye.

Anazigawa ngati makadi a juga, ichi uku, icho uko, kuti pasapezeke wodandaula. Zimbale za ana okwiya aja zinapita kwa mkulu wa mpingo. Za anyamata a m'magalaja zinagwera msuweni wina amene anafunsa ngati zimalowa m'galimoto. Lughano anaona mbiri yonse ikulowa m'majumbo a ku shopu. Maso ake anali pa chobiriwira.

A Asimenye anachitsegula.

"Muno muli ziwiri. Zatithandiza." Anasolola chimodzi n'kusiya china m'chikuto. "Ichi ndi chikuto chake, cha mwana. Ichi cha a Elton."

Lughano anasuzumira m'chikuto chimene anamupatsa. Chinali choyamba.

"Azakhali, ziwirizo n'chimodzi."

"Ine ndikuona ziwiri. Kapena maso angawa akalamba?"

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa anthu otopa ndi kulira.

"Koma chachiwiricho muli..."

"Alamu," anatero a Asimenye, osamuyang'ana n'komwe Lughano koma mayi ake, "mwanayu simunamuuze? Dothi la bambo ake silinaume, iye wayamba kale kuloza katundu?"

A Stella anamutsina pantchafu.

A Elton anali mng'ono wawo wa malemu, ndipo pamaliro onse palibe analira kuposa iwo. Analandira chimbalecho ndi manja awiri, zala zonse zili pa mizere yake, n'kuchikumbatira pachifuwa pa juzi yaubweya. Misozi inatsikanso. Lughano anayang'ana kumbali.

Chopatsidwa sachiitanitsa. Zimenezo Lughano ankazidziwa, ndipo kutsina kuja kunali kusanapole. Choncho atawaimbira foni a Elton anazungulira ngati mwana woleredwa bwino.

"Bambo aang'ono, chimbale chija chili bwanji?"

"Ukufunsa ngati ndi mwana wodwala," anaseka a Elton. "Chili bwino, chadya, chagona."

"Musachiike padzuwa. Komanso pafupi ndi hita sichifuna."

"Iwe ukuchikonda chimbale chimenechi, eti?"

"Kwambiri. Adadi ali m'menemo."

A Elton atayankha, mawu awo anali onyowa.

"Ndamva, mwana wanga. Usanenenso zambiri. Zisiye m'manja mwanga."

Lughano anavina yekha m'khitchini. Anaganiza kuti ulemu ndi chinthu chokoma: sunena, koma wamkulu amamva.

Masabata anadutsa osamva kanthu. Masamba anayamba kuyoyoka, anzake anapita ku mayunivesite, iye akadali pawindo. Tsiku lina anangovala jekete n'kukwera sitima, kusintha ku Sheffield, kusinthanso ku Manchester, njira yonse akuimba m'mutu nyimbo imene sanaimvepo.

A Elton ankakhala m'nyumba zija zogundizana za njerwa zofiira ku Bolton. Anatsegula chitseko ali ndi yunifolomu ya kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito.

"Mwana wa achimwene! Wandiphera sapulaizi. Ndimafuna ndibwere nacho ndekha. Khala apo, utseke maso."

Anamuika chinthu cholemera pamiyendo. Lughano anatsegula maso.

Inali felemu yagolide. Mkati munali bolodi lokutidwa ndi nsalu yakuda, ndipo pakati pa nsaluyo panali chimbale chija, chomatidwa. Pamene pamakhala dzina la gulu anamatapo chithunzi cha a Rowland, chodulidwa mozungulira bwinobwino. Pa mizere ya nyimbo analembapo ndi penti yagolide kuti MUUSE MUMTENDERE ACHIMWENE, n'kupakapo vanishi wonyezimira ngati tebulo la hotela.

"Utanena kuti adadi ako ali m'menemo, sindinagone," anatero a Elton. "Ndinati mwanayu asamangoganizira, aziwaona ndithu. Taona zala zangazi, guluu sanachokebe. Ndi wamphamvu, amamatira matailosi. Sichidzagwa mpaka Yesu adzabwere."

Anaima patsogolo pake akupukuta manja pa thalauza, maso ali ndi misozi, akudikira ngati mwana amene wabwera ndi lipoti labwino. Lughano anafuna kukuwa. Anafuna kuwafunsa ngati anayamba aonapo munthu akupaka vanishi pakamwa pa m'bale wake. M'malo mwake anatsika pampando, bondo n'kugunda kapeti.

"Zikomo, bambo aang'ono. Mwagwira ntchito."

"Iii, n'zochepa. Magazi ndi magazi."

Lamlungu masana, mayi ake ali ku shifiti, Lughano anatseka chitseko cha pabalaza. Anamasula felemu ija kumbuyo, anatenga mpeni wa buledi ndi madzi ofunda, n'kuyamba kulowetsa mpeniwo pang'onopang'ono pakati pa nsalu ndi chimbale. Manja ankafuna kuthamanga, iye n'kumawaletsa. Pomaliza chinamatuka, chili ndi ubweya wakuda wa nsalu.

Anachitembenuza. Mbali imene inali pansi inali yomaliza ija, ya mu holo. Vanishi sanaifike. Mizere yakunja inali yoyera. Guluu anali mkati mokha, mkombero wokhuthala wozungulira pafupi ndi pakati, pamene a Elton anafinyira ndi mtima wawo wonse.

Anachotsa chitenje pa galamafoni n'kutsitsa singano.

Holo inadzuka. Anthu akusokosera, mabotolo akugundana, wina akuyesa maikolofoni. Kenako gitala, yoonda ndi yamakani, ng'oma n'kuigwera pamsana. Nyimbo inatha, ina inayamba. Lughano sanagone chagada. Anagwada pafupi, akuyang'ana singano ikuyenda ulendo wake wopita mkati, kumene mkombero uja unali kuidikira.

Nyimbo yomaliza inali yapang'onopang'ono. Woimbayo anasiya mawu, ng'oma inaleka, gitala inatsala yokha n'kuyamba kuzilala, monga adadi ananenera. Holo yonse zii. Penapake m'chetemo mnyamata wa ku Karonga anali akukweza zala kupita kukamwa.

Singano inakwera guluu, inalira khwee, n'kutsetserekera pakati.

Anaibweza. Gitala inazilala, holo zii, khwee. Anayesa kuikankha ndi chala kuti idutse, inakana. Anakanda guluuyo ndi chikhadabo, kenako ndi nsonga ya mpeni. Kachidutswa kanatuluka, ndipo atakayang'ana kunsi anaona timizere takuda tatsalira pa guluuyo. Pa chimbale panatsala bala losalala.

Sanamve chitseko chikutseguka. A Stella anaima pamenepo ndi yunifolomu yawo yabuluu, chikwama chili paphewa, akuyang'ana felemu yopasuka, mpeni ndi beseni.

"Amami," anatero Lughano osatembenuka, "inu munalimvapo likhweru la adadi la m'chimbale ichi?"

A Stella anakhala pa mkono wa sofa n'kuvula nsapato imodzi.

"Anandiikira tili pachibwenzi ku Zomba. Ine ndinkangopemphera kuti phokosolo lithe tipite kukadya."

"Linkamveka bwanji?"

Mayiwo anaganiza. Kenako anaika zala ziwiri m'kamwa, mmene ankawaonera amuna awo akuchitira, n'kupemerera. Kunatuluka mpweya wokha. Anayesanso, mpweya wokhawokha. Anatsitsa dzanja n'kulipukuta pa yunifolomu.

Chimbale chinali chikuzungulirabe, singano ikukhukhuza pa pepala la pakati.

"Zimitsa," anatero a Stella. "Ndipo mawa ukagule guluu uchibwezeretse mmene chinalili. Bambo ako aang'ono andiimbira. Akubwera Loweruka ndi azakhali ako, kudzaona khoma limene tachipachika."