Mlamu Atatseka Pakamwa

Kompyuta ya abambo ake a namwino wina inali yakale moti alendo akalowa m'chipindamo ankaizungulira ngati akuona galimoto ya ngozi. Inali yotuwa, yonenepa, sikirini yake yotulutsa mimba kumbuyo, ndipo poyaka inkayamba yatsokomola kaye. Koma inkayankhula. Mdalayo anayendetsa mabasi moyo wawo wonse mpaka matenda a shuga anawazimitsira maso, ndipo kuyambira pamenepo kompyutayo ndi imene inkawawerengera mabuku. Anaitcha dzina loti Mlamu, ati chifukwa ndi mlamu yekha amene angakuyankhulire m'mphuno tsiku lonse iwe osapsa mtima. Zilembo za pa kiyibodi zinafufutika kalekale, koma zala zawo zinkadziwa njira. Akafuna Mlamu abwereze ankadina apa, akafuna afulumire ankadina apo, ndipo sankapempha munthu aliyense.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina masana, Mlamu ali pakati pa chiganizo, kunamveka kuti thii, kafungo ka pulasitiki wopserera kanadzaza chipinda, kenako zii.

Namwino anayesa zonse zimene mwana angayese. Akaweruka kuchipatala ankakhala pambali pa bedi n'kumawawerengera yekha, koma ankayasamula tsamba lisanathe, ndipo abambo ankamva. Anawapatsa foni yake, yomwenso imayankhula. Anaisisita ndi chala n'kuibweza.

"Ili ndi galasi, mwanawe. Lilibe pogwira."

Kenako anasiya kumeta ndevu. Anasiya kudzuka m'mawa. Mbale zinkabwerera kukhitchini monga zinapitira. Namwino anachita mantha, chifukwa ntchito yake inamuphunzitsa kuti wodwala akayamba kugona atayang'ana kukhoma, mankhwala amakhala atatsala ndi zochepa zonena. Akapanda kudzutsa Mlamu, abambo akewo sadzukanso.

Ananyamula bokosi la kompyutayo kupita nalo kwa wokonza wina amene anthu ankamutcha aWaya. Malo awo anali pansi pa masitepe a nyumba yamasitolo, pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa matcheja. AWaya anamasula chivundikiro, kulowetsa mphuno, n'kumuyang'ana namwino mwachisoni.

"Achemwali, mumaifunditsa chiyani imeneyi?"

Namwino anayang'ana pansi. Azakhali ake, mayi okonda ukhondo kuposa mtendere, analukira Mlamu chovala cha ulusi chokhala ndi maluwa, chophimba pamwamba, m'mbali ndi kumbuyo komwe. Ankati chinthu choyankhula ndi achimwene awo sichingakhale chosavala pafumbi. Aliyense m'nyumbamo anachiyamikira chovalacho, ndipo palibe anachivulako ngakhale nthawi yotentha.

"Iyi imapumira kumbuyo," anatero aWaya. "Mwaipha ndi ulemu."

Chimene chinapsa chinali kabokosi ka magetsi, komwe kamalandira moto kuchokera kukhoma n'kuugawira ziwalo zonse. AWaya anakazula n'kukaika m'manja mwake. Kanali katali, kopyapyala, ndi pulagi ya mano achilendo. Anatulutsa timabokosi tatsopano m'kabati mwawo, koma tonse tinali tonenepa, ndipo palibe kanalowa.

"Nanga osangosamutsira mawuwo mu kompyuta yatsopano?"

"Mabuku ndingasamutse. Mawuwo ayi. Pulogalamu yake ndi yakale ngati mwini wakeyu, yatsopano siingailole n'komwe. Ndipo madala akazolowera mabatani awo, mukawasinthira ndi ngati mwawasinthira khomo la nyumba." Anakanda m'mutu. "Kumbuyoku kuli nambala ya foni ya kampani. Mwina inafa, koma safunsa anadya phula."

Nambalayo inali isanafe. Namwino anaimba ali m'kachipinda kopumira anamwino, bokosi la Mlamu lili pamwendo. Munayamba mawu ojambulidwa omuuza kudina ichi ndi icho, kenako nyimbo yoliza ngati ya m'chikepe, yomwe inazungulira mpaka tiyi wake anazizira. Pamapeto pake anayankha bambo wina wa mawu osalala. Atamva mtundu wa kompyutayo anaseka pang'ono, mwaulemu ndithu, n'kuyamba kumuuza za zatsopano zopepuka ngati mbale.

"Bambo, sindikufuna yopepuka," anatero namwino. "Bambo anga saona. Iyi ndi imene imawawerengera, ndipo chiifereni sakudzuka pabedi."

Kenako bamboyo anati, "Dikirani, mayi. Pano pali munthu mmodzi amene angaidziwe."

Mawu amene anabwera anali a mayi wachikulire, ndipo chapatali kunkamveka sipuni ikugunda kapu. Anapempha namwino kuti awerenge nambala yaitali ya pa chomata chakumbuyo. Namwino anangowerenga theka, mayiwo n'kumaliza okha.

"Ha, mwana wanga, ikadalipo imeneyo? Ndinayamba ntchito ndi imeneyo ine, ndili mtsikana, ndikumanga masikuluwu pa tebulo lalitali. Taigonekani cham'mbali. Mwagoneka? Lowetsani chala pansi kumanzere, kuseri kwa kachitsulo kopindika. Mupeza kampira kakang'ono."

Namwino analowetsa chala. Kampirako kanalipo. Mayi amene sanawaonepo, okhala kutali kosadziwika, ankayenda m'mimba mwa Mlamu osayang'ana, monga mmene abambo ake ankayendera pa kiyibodi.

"Timampira timeneto tinkaika ndi manja kuti isamanjenjemere," anatero mayiwo. "Mwina kameneko ndinaika ndine. Tinali atsikana ochepa."

Za kabokosi ka magetsi sananamize. Kampani inalibe ngakhale kamodzi, mashelefu anasesedwa kalekale. Koma mayiwo anali asanamalize.

"Musataye mtima. Timabokosi timeneto tinapanga tambiri kuposa makompyuta ake, mabwana anasowa kotiika. Ndiye anatigulitsa kwa opanga makina olipirirapo m'masitolo, aja otuwa okhala ndi kadilowa ka ndalama pansi. Dzina lapamwamba ndi lina, koma m'kati ndi kabokosi komweko. Zimenezi simungazipeze m'buku lililonse pano. Ndimadziwa chifukwa ndinapakira nawo m'makatoni." Anamwa tiyi wawo. "Papita zaka osandifunsa munthu za imeneyo. Bambo anuwo mukawapatse moni, muwauze kuti ndi wochokera kwa amene anamanga masikuluwu."

AWaya atamva nkhaniyi anatseka kabati yawo masana dzuwa likuswa mtengo. Ankadziwa kumene makina akufa amapita.

Kunali kumapeto kwa tauni, kuseri kwa magalaja, m'nyumba yaikulu ya malata yomwe kale inkasunga katundu. Namwino analowa n'kuima pakhomo. Anazolowera kuona zinthu zambiri, koma izi ayi. Mashelefu anakwera mpaka kudenga, ndipo pa shelefu iliyonse panali masikirini, mazana ndi mazana, onse atayang'ana pakati ngati anthu m'tchalitchi. Makiyibodi anaunjikana mulu wopitirira msinkhu wake. Dzuwa linkalowa m'mabowo a malata n'kugwera pa magalasi akufawo. Anatola kiyibodi imodzi. Batani lalitali lapansi linali lonyezimira mbali imodzi, pomwe chala chachikulu cha munthu wina chinkagunda kwa zaka zambiri. Anatola ina, nayonso inali ndi pake ponyezimira. Anaganiza za zala zonsezo, makalata onse opempha ntchito, mayeso, mayina a odwala, ndipo anachita mantha aulemu ngati amene amamugwira akalowa m'chipinda chimene mwana wangobadwa.

Kumapeto kwa nyumbayo amayi angapo anali atakhala pa zidebe, akuphwanya makina ndi hamala n'kumasankha mawaya ofiira. Mulu umene ankaphwanya tsikulo unali wa makina olipirirapo.

"Amayi, taimani kaye!" anakuwa aWaya, n'kuthamanga ngati mwana.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Makina oyamba anali atachotsedwa kale matumbo. Ena anali ndi dzimbiri lokhalokha, ena munali chisa cha mbewa. Namwino, ndi nsapato zake zoyera zakuntchito, anagwada pafumbi n'kumagwirira pamene aWaya ankamasula. Manja atada bii, anatsegula makina ena omwe kadilowa kake kanali kothyoka, ndipo kabokosi kanali mmenemo, katali, kopyapyala, ndi pulagi ya mano achilendo. AWaya anakaika pambali pa kakale kaja. Timabokosi tiwirito tinali ngati mapasa. AWaya anangokapukuta katsopanoko ndi malaya awo.

Namwino anapempha kuti akakamangire kunyumba. Ngati Mlamu angayankhule, woyamba kumva akhale mwini wake, ndipo ngati sangayankhule, bola abambo adzimvere okha kuti anthu anayesa.

Anawapeza atayang'ana kukhoma. Atamva masikuluwu akugwera m'mbale anatembenuka pang'ono.

"Ndani ameneyo?"

"Ndi okonza, ababa. Tapeza chitsulo chija."

"Bwera nacho kuno."

Anakhala tsonga m'mphepete mwa bedi, ndevu zili nyankhalala, n'kukalandira ndi manja awiri. Anakayesa kulemera, anatsata mawaya ndi chala mpaka ku pulagi, anakanunkhiza. Namwino anawafotokozera za mayi a pa foni aja, za kampira, za moni.

"Ndiye kuti alipo munthu amene anamugwirapo Mlamu ine ndisanamudziwe," anatero, pang'onopang'ono. "Ndipo akumukumbukirabe."

AWaya anamanga kabokosiko, kulumikiza mawaya, n'kusuntha tebulo kuti kumbuyo kuzipita mphepo. Anafuna kudina batani, koma anabweza dzanja.

"Madala, galimoto ndi yanu. Lizani ndinu."

Namwino anawagwira mkono mpaka pampando. Miyendo inali itafooka ndi kugona, koma chala sichinasochere. Anadina. Fani inazungulira. Panabwera kachifuwa kaja, ndipo abambo anakweza dzanja kuti onse akhale chete, mutu atapendeketsa monga ankachitira pomvetsera injini m'mawa. Sikirini inayaka, aWaya anadina batani limodzi lomwe makinawo anapempha, ndipo anadikira. Namwino anapezeka atagwira pakamwa.

Mlamu anayankhula. Mawu omwe aja a m'mphuno, osafulumira, ngati palibe chinachitika. Anapereka moni, kenako anatchula tsiku. Koma tsikulo silinali lalero. Linali tsiku loyamba la Januwale, chaka chakale kwambiri, namwino akadali ku pulayimale, amayi ake akadali moyo.

"Kabatire kosunga nthawi katha mphamvu," anatero aWaya chapansipansi. "Ikatero imabwerera pa tsiku limene inabadwa. Ndikonza pompano."

"Lisiyeni," anatero abambo. "Lero lokha lisiyeni. Chaka chimenecho ndinkawerenga nambala ya galimoto ili patsidya pa mlatho." Anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, misozi ikutsikira m'ndevu. "Mlamu, inu mwagona bwanji? Ife kuno takalamba."

Zala zinayamba kuyenda. Anatsegula buku, anadumpha mitu, anabwerera pang'ono, mpaka anapeza chiganizo chimene chinaduka tsiku lija. Mlamu anachiyamba pachiyambi n'kuchimaliza. AWaya anatolera zida zawo mwakachetechete n'kutuluka. Namwino anakhala pabedi kuti amvetsere nawo, mtima uli myaa, akuyang'ana msana wa abambo ake womwe unali utawongoka.

Mawu aja anaima. Abambo anali atadina batani.

"Iwe, ulibe zochita?"

"Lero ndapuma, ababa."

"Kapumire kwina. Ndikuwerenga. Utseke chitseko potuluka."

Namwino anadzuka. Anatseka chitseko n'kuima m'khonde, manja akadali akuda ndi fumbi la makina, akumva Mlamu akung'ung'udza kuseri kwa thabwalo. Moyo wake wonse anali asanasangalalepo ndi kuthamangitsidwa, koma tsikulo analira ndi chimwemwe. Ali chiimire, mawu a m'mphuno aja anaimanso, ndipo abambo ake anakuwa mwaukali ngati kale.

"Kodi m'nyumba muno anthu anasiya kudya?"