Twaibu Sagenda Akuluakulu

Timu ina ya baseball ya ku America inatsegula bwalo lophunzitsira achinyamata kuseri kwa Abu Hamour, mumzinda wa Doha, m'chaka cha 2015. Eni ake ankalitcha famu, ngakhale udzu wake unali wapulasitiki. Ntchito ya famuyo inali kulera osewera. Amene wakhwima ankamutumiza kutsidya kwa nyanja, ku katimu kakang'ono kwambiri mwa matimu awo, kuti azikwera pang'onopang'ono. Amene sanakhwime ankamupatsa chipewa cha timu n'kumutsegulira geti.

Pagetipo ankalondera Twaibu, mnyamata wa ku Namwera, amene anakula akugenda anyani m'munda mwa amalume ake. Tsiku lina mpira unadumpha mpanda n'kugwera pafupi ndi kanyumba kake ka ulonda. Anautola n'kuubweza. Mpirawo unadutsa bwalo lonse n'kukaswa chigubu cha madzi akumwa. A Kochi, mphunzitsi wa imvi wochokera ku Venezuela, anayang'ana chigubucho, anayang'ana kugeti, kenako anatuma munthu kukabwereka mlondayo ku kampani yake mpaka nyengo yozizira itatha.

Masewerawa si ovuta ukakhala woponya. Munthu wina amanyonyomala kutsogolo kwako atavala chigolovesi, wina amaima pambali pake ndi chibonga, iwe n'kumaponyera wonyonyomalayo mwamphamvu kuti wachibonga aphonye. Twaibu anaphunzira msanga. Wowakha mipira yake anali mnyamata mnzake wa ku Philippines, amene ankaweruka akuuzira dzanja.

Vuto linali zaka. Twaibu anali ndi zaka 22, ndipo pafamu umenewo ndi ukalamba. A Kochi anamuuza mosabisa kuti wosankha osewera adzamuona kamodzi kokha. Akadzapanda kumutenga, ndiye chipewa ndi geti.

Wosankhayo anafika Lachinayi lina masana. Anali mayi wamtali wosaseka, atanyamula kachipangizo koyezera liwiro, konga ka apolisi apamsewu. Tsiku lomwelo mnyamata wa ku Philippines uja anabwera chala chili chomanga, ntchito ya Twaibu yemwe. A Kochi anavala okha chigolovesi n'kunyonyomala, mawondo akulira.

Twaibu anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anaponya. Mpira unayenda ngati ukuperekeza maliro. A Kochi anaubweza, akukuwa kuti aponye zenizeni. Ulendo wachiwiri Twaibu anatsika pakachulu koponyerapo, anayenda mpaka pamene panali a Kochi, n'kuwapatsa mpirawo ndi manja awiri, bondo atapindako pang'ono. Kachipangizo kaja sikanaone kanthu.

Pamthunzi panali Maclean wa ku Dedza, dalaivala wa basi ya famuyo, amene anakwatira Sakina, mchemwali wa Twaibu. Anatenga botolo la madzi ngati chodzikhululukira n'kulowa m'bwalo.

"Alamu, dzanja lafa?"

"Dzanja lili bwino," anatero Twaibu. "Koma taonani amene akhala apowo. Ndiwagende bambo a imvi, anthu akuona?"

"Ndi job description yawo imeneyo. Anawalembera ntchito yoti muziwagenda."

"Amayi anandikwapula chifukwa choponyera amalume machesi. Machesi, alamu. Ichi ndi chimwala chosokerera."

Maclean anapita kwa a Kochi n'kuwapempha kuti avale chigoba chawaya choteteza nkhope, chimene anachisiya chifukwa cha kutentha. Iwo anavala osafunsa.

"Khalas, nkhani yatha," anatero Maclean atabwerera. "Kwathu ku Dedza munthu akavala chigoba, si munthunso. Yalla, tiyeni, ponyani."

"Kwathu ku Namwera amakhalabe munthu. Imvi zikutulukira m'mbalimo."

Twaibu anayesabe. Mpira wachitatu unali ndi kamoyo pang'ono, monga lalanje loponyera wodwala. Mayi uja anayang'ana wotchi, n'kuyamba kutsegula chikwama kuti abwezeremo kachipangizo kake.

Maclean anaima akuganiza. M'Doha monse, kuyambira ku Al Dafna mpaka kuchipululu, munali munthu mmodzi yekha amene mwambo unkalola Twaibu kumuchita chipongwe chilichonse popanda mlandu. Maclean anamudziwa munthuyo, ndipo yankholo silinamusangalatse.

Anapempha a Kochi zovala zawo. Anawafotokozera m'Chingerezi kuti ndi nkhani ya pabanja, ndipo a Kochi, amene mawondo anali atawakwana, anaona kuti n'zomveka. Choteteza pachifuwa chinathera pamwamba pa mimba ya Maclean. Chiyambire anali asanawakhepo chinthu choposa makiyi a basi. Ananyonyomala.

"Ponyani, inu mlonda wa udzu wapulasitiki!"

"Alamu, muvulala."

"Andivulaze ndani? Inu? Anyani a ku Namwera ankakudikirani mumalize kugenda kuti adye mwamtendere. Achemwali anu amaponya mbale mwamphamvu kuposa pamenepa, funsani ine!"

"Chokanipo, mudzandivutitsa kwa Sakina."

"Pabanja panu mwamuna anali Sakina yekha, ndipo ndinamutenga ine. Bwererani kugeti, mukatsegulire anthu aluso!"

Twaibu anatukula mwendo.

Phokoso lake linali ngati la chitseko cha basi chotsekedwa ndi munthu wokwiya. Maclean anapezeka atakhala pansi, miyendo ili m'mwamba. Mayi uja anayang'ana kachipangizo kake, anakagwedeza, n'kupempha kuti aponyenso. Twaibu anaponyanso, ndipo anapitiriza. Maclean sanawakhe mpira ngakhale umodzi, koma yonse anaiimitsa, uliwonse ndi chiwalo chosiyana. Pakati pa mipirayo ankatukwanabe, ngakhale mawu ankanka nachepa.

Atakhutira, mayiyo analankhula ndi a Kochi pambali, kenako anamuitana Twaibu. Anati amutenga, koma ku katimu kotsikitsitsa kaja. Anamuchenjeza kuti kumeneko osewera onse ndi ana ongotuluka kumene kusekondale, owakha mipira ndi achibonga omwe, ndipo iye akakhala wamkulu kuposa onse. Anafunsa ngati zimenezo sizikamuchititsa manyazi. Twaibu anayankha mwaulemu kuti akapirira.

Pobwerera Maclean ankayendetsa basi ndi dzanja limodzi, linalo lili m'chidebe cha ayezi. Twaibu anakhala pampando wakutsogolo, ndipo basi itaima pamaloboti a ku Al Hilal anatembenukira kwa Maclean.

"Alamu," anatero, "nanga ndikakakwera? Matimu apamwambawo muli anthu a ndevu zawo. Ena mwina ali ndi zidzukulu."

"Ine kumeneko sindibwera," anatero Maclean. "Ndatsala ndi dzanja limodzi, ndipo ndi la kampani. Mukakawapeza akuluakuluwo, muyambe mwafunsa ngati ali ndi mchemwali. Mukamukwatire, asanduke alamu anu, kenako muziwagenda."

Twaibu anawerenga pa zala.

"Chipembedzo chimatilola anayi okha."

Loboti inayaka yobiriwira. Maclean anatulutsa dzanja m'chidebe, analiyang'ana, n'kulibwezeramo.

"Ndiye musakakwere kwambiri."